Lamulo la uta limene ndinaika ku Harare

Ndinaganiza zochoka chaka chimene matalala anagwetsa chimanga chathu ku Matandani. Ndinauza mkazi wanga, aNaphiri, kuti ndikafuna ntchito ku Harare ndipo ndikakhalako zaka ziwiri. Ndinakhalako zisanu ndi chimodzi.

Ntchito ndinaipeza ya ukhukhi m'nyumba ya aphunzitsi anayi achizungu. Ndalama zinali zochepa koma sizinkachedwa, ndipo theka ndinkatumiza kumudzi papositi. Makalata ndinkalemba mosamala, poti masiku amenewo sunkadziwa amene ayambe kuwerenga. Chimene chinkandipweteka ndi Lamlungu: tsiku lonse lopanda womuuza mawu amodzi m'Chichewa.

Lamlungu lomwelo ndi limene aphunzitsiwo ankachita masewera awo. Ankakhala patebulo ndi mapepala, buku ndi madayisi a ngodya zambiri. Mmodzi, a Colin, ankasimba nkhani ya mapanga ndi zilombo, enawo aliyense n'kukhala msilikali wa m'nkhaniyo. Dayisi ndiye inkagamula ngati walasa kapena waphonya.

Tsiku lina ndikuika tiyi ndinamva wina akuti msilikali wake wataya lupanga, watola uta, walasa chilombo m'diso. Ndinaseka.

"Mukuseka chiyani, a Fulechala?" anafunsa a Colin.

"Bwana, munthu amene wagwira uta lero salasa ngakhale nkhokwe."

Anandikokera mpando. Ndinawauza zimene malume anandiphunzitsa m'mapiri a Neno: nsinga ya uta imalefuka ikanyowa, mkondo ulibe ntchito pamalo pothina, chibonga chimafuna dzanja lozolowera kulemera kwake. Bukulo linalibe zimenezi. Tinapangana lamulo la m'nyumba imeneyo: msilikali asankhe chida chimodzi, ndipo akayenda nacho maulendo atatu osachisintha aziponya dayisi kawiri n'kutenga nambala yaikulu. Akatola chachilendo, azichotsa ziwiri pa nambala ya dayisiyo. A Colin analilemba pachikuto cha bukulo, pamwamba n'kuikapo dzina langa. Kuyambira pamenepo mkangano uliwonse wa zida unkandipeza kukhichini, ndipo chimene ndanena chinkakhala chomwecho. Lerolino ndimanenabe kuti lamulo lija linali labwino.

Kenako kunabwera kalata yoti malume amwalira. Ndinatsanzika. Pokwera basi yomaliza ndinayamba ndagula khadi la chipani, ndipo njira yonse anthu ankakamba za othawa nkhondo amene anadzaza ku Luwani.

Ndinafika chimanga chitakhwima, anyani akutsika m'phiri m'mawa uliwonse. Munda umenewo ndiwo unali chakudya chathu cha chaka chonse. Ndinatenga uta wa malume kuti ndipite kumundako, ndinauza aNaphiri kuti atsale. Anandiyang'ana, anatenga mpeni wawo n'kunditsata.

Nyani wamkulu anakhala pachulu poyera. Ndinakoka, muvi unagwera m'maungu. Wachiwiri unapita kumwamba. Nyaniyo anathyola chimanga n'kumadya akundiyang'ana.

"Bwerekeni," anatero aNaphiri.

Sanafulumire. Anadutsa m'mizere mowerama mpaka mphepo inawawomba kumaso, anagwada, n'kulasa. Nyani anakuwa, gulu lonse linabalalikira kuphiri, ndipo silinabwerenso sabata imeneyo.

"Munaphunzira liti zimenezi?"

"Chaka chachiwiri. Malume anu miyendo inali itayamba kukana. Ndikanatani, ana adye makalata?"

"Bwanji simunandilembere?"

"Mukanati ndikuchititsani manyazi pamudzi."

Zoona, ndikanatero. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti ndalama zanga ndizo zikudyetsa banja. Zinkagula sopo, mchere ndi mayunifolomu. Chimanga ankachiteteza ndi mayi uyu.

Pobwerera ndinanyamula mivi, iwo uta. Anthu pachitsime anationa, sindinabise nkhope. Titafika ndinawapempha kuti andiphunzitsenso.

"Chabwino," anati, "koma sabata ziwiri zoyamba uta musaukhudze. Muzikakhala pachilindo, muziona mmene anyani amabwerera."

Mawa lake ndinapita kuchilindo chimanjamanja.