Mlonda Wamva Kapena Sanamve

Chimwalirire mkazi wanga, m'nyumba mwanga ku Matero mumamveka mawu a anthu Loweruka lokha. Tsiku limenelo mwana wanga wamkazi amabwera ndi anzake kudzachita masewera a nthano patebulo lodyera. Aliyense amatenga munthu wa m'nthanomo, wina msilikali, wina wamatsenga, n'kumaponya madayisi. Wosimba nkhaniyo ndi kuweruza ndi mwana wangayo.

Tsiku lina mayi oyandikana nane nyumba, a mpingo wathu, anandiimitsa pampopi. Anati anamva pawindo munthu akunena kuti “namulodza,” ndipo ndikapanda kuletsa akauza akulu a mpingo. Sabata yonseyo sindinakhazikike. Ndinkatsegula Baibulo, kulitseka, kusesa posesa kale. Ndinkadziwa kuti ndikaletsa azikasewerera ku Lilanda kwa mnzawo, ine n'kutsala ndi wailesi.

Loweruka ndinakokera mpando pafupi kuti ndidzimvere ndekha. Posakhalitsa unabuka mkangano. Wamatsengayo, amene amakonza mafoni ku Chawama, ankafuna kugoneka mlonda wa pachipata cha mfumu. Malamulo a masewerawo ndi a Chingerezi, ndipo mwana wanga anawamasulira kuti matsengawo amagoneka aliyense amene wamva mawu a wamatsengayo. Koma mlondayo, anatero mwana wangayo, ndi wa dziko lina, chilankhulo sachidziwa, choncho sanamve.

“Iwe, ali na makutu uja. Wamva,” anatero wokonza mafoni.

“Wamva chongo, phokoso chabe. Vamene wakamba sanamve,” anayankha mwana wanga.

Msilikali, mphunzitsi wa ku komboni ya George, anati galu akauwa tonse timamva ngakhale Chigalu sitinaphunzire. Mwana wanga anamufunsa ngati ana a m'kalasi mwake amamva akawauza kuti akhale chete. Onse anaseka, koma palibe amene anagonja. Wokonza mafoni anaimirira, kukhala, kuimiriranso. Ine maso anali pawindo lija.

“Batate, weruzani ndimwe,” anatero mwana wanga.

Ndinati sindidziwa, ndipo sindinkadziwadi. Ndinangofunsa ngati matsengawo amafika kwa munthu amene sali patebulopo. Anandiyang'ana onse. Mwana wanga anayankha motsitsa mawu kuti ngakhale mlondayo kulibe, anamupeka ali mu minibasi pobwera. Kenaka anandifunsa ngati wina wanenapo kanthu. Ndinati apitirize.

Ndinatuluka akukanganabe, ndinakagogoda kwa mayi aja. Ndinawapempha abwere adzakhale nafe aone okha. Anakana, anati zotere sayandikira. Ndinawauza kuti asavutike, kwa akulu a mpingo ndikafotokoza ndekha mawa tikaweruka m'mapemphero. Chimene ndikanene ndinali ndisanachipeze, ndipo ndinazungulira nyumba yanga ndisanalowe.

Madzulo ndinawaperekeza pokwerera basi. Za mlonda anali asanagwirizane. Ndinauza mwana wanga kuti Loweruka likudzali abwere msanga, ndipo abwere ndi onse.