Chambo cha alamu sichikugwidwa

Salaam aleikum nonse.

Webusaiti yogulitsira nsomba imene alamu a Yusufu awapangira ababa yayamba lero. Ukaitsegula pafoni, pakubwera madzi a Shire, chambo chikusambira uku ndi uku. Nambala ya ababa ikuoneka pokhapokha ukachigwira chambocho ndi chala.

Mayi ena a lesitilanti ku Balaka achithamangitsa mpaka bandulo kutha. Abwera okha ku Liwonde kuno, agula pabenchi ya anzathu, ndipo atifotokozera zonsezi dengu lili pamutu.

Ababa ayesanso. Munthu wakalambira pa ukonde, koma chawakanika. Angoti, "Iyayi, ichi n'chochenjera."

Alamu akuti makasitomala amakonda masewera. Nsomba zathu zikadali padzuwa.

Ndiye awauze ndani? Ine ayi, ndinawaombera kale m'manja dzulo.