Njerwa Imodzi ya a Masamu

Ana asukulu amangowatcha a Masamu, ndipo amawaopa. Ndi mayi wochepa thupi, wa choko m'zikhadabo, wosakweza mawu, koma ukawalakwira amakusungira ngati mbewu. Pakhomo la kalasi yawo pali njerwa yoimitsira chitseko. Mwana akaiponda, tsiku lake laipa.

Njerwayo ili ndi mbiri. Amuna awo anamwalira atangootcha njerwa zoti amangire nyumba, banjali litatopa ndi nyumba ya sukulu yodontha. Misozi isanaume, abale atatu a malemuyo anatulukira ndi ngolo.

"Ili ndi thukuta la m'bale wathu," anatero wamkulu. "Inu alamu, poti masamu ndi anu, tiwerengereni tigawane mofanana. Pasapezeke wodyera mnzake."

A Masamu anawerenga mtima ukuwira. Zinakwana 10,008. Nambala yofatsa imeneyo: imagawika pawiri, patatu, panayi, osatsala kanthu. Akubawo akanatenga 3,336 aliyense n'kumapita akuseka. Ndiye mayiwo anasankha njerwa imodzi yokhala ndi chidindo cha chala cha amuna awo, n'kuilowetsa m'chikwama cha mabuku.

Zinatsala 10,007. Iyi ndiye nambala yamakani. Palibe nambala yoigawa bwinobwino kupatula 1 ndi iyo yomwe. Mayiwo ankaidziwa, ndipo alamu awo ankawadziwanso: anthu oti anagwiranapo pakhosi chifukwa cha mpando wothyoka.

"Aliyense 3,335," anatero a Masamu mofatsa. "Zitsala ziwiri."

"Ziwirizo n'zanga, wamkulu ndine."

"Ukulu wake uti, achimwene?" anafunsa wotsiriza. "Si inu munadya njinga ya ababa nokha?"

Wapakati anati aitane mlongo wawo agawane anayi. Zinatsala zitatu. Anawonjezapo amalume awo, zinatsala ziwiri. Wina anati aswe zotsalazo, koma wovomera zidutswa anasowa. Pofika apo nkhani sinalinso ya njerwa. Anafukulirana zakale, wamkulu anatuluka magazi m'mphuno, ndipo aliyense analumbira kuti wokhudza mulu wa njerwawo adzaona zakuda.

Muluwo ulipobe mpaka lero. Unamera udzu, ndipo abuluzi ndiwo akuotherapo dzuwa. Abale aja ngakhale moni sapatsana. A Masamu nyumba sanaione, akutcherabe mabeseni pabalaza mvula ikamagwa, ndipo zimawawawa. Koma akadutsa pamuluwo mtima wawo umazizira.

Chaka chilichonse amalemba 10,007 pabolodi n'kuuza ana kuti aigawe. Ana amatuluka nayo thukuta. Chaka chino kamtsikana ka kutsogolo kanakweza dzanja.

"Aphunzitsi, bwanji tingowonjezerapo imodzi? Igawika bwinobwino."

A Masamu anayang'ana kuchitseko.

"Wakhoza," anatero. "Koma imodziyo ili ndi mwini wake."