Ndinangopempha Mayina a Minda Inayi

Lachiwiri limenelo kunali mphepo ya fumbi. Ndege zinkadutsa pamwamba pa Al Twar motsatizana, ndipo kumzikiti kunkamveka kuitanira mapemphero. Ndinalowa mu ofesi ina yokonza maulendo nthawi ya 3:40 masana, chikalata cha imfa ya mkazi wanga chili m'manja.

Sindizolowera kudandaula pagulu. Koma izi ndilemba.

Ine ndi Esinati tinadziwana ku Kepi tikuthyola mphesa, zaka makumi awiri zapitazo. Tinasenza mabasiketi nyengo zinayi, vinyo wake osamulawako. Tinkangodziwa wa pamgonero kutchalitchi. Titabwera ku Dubai, ine pa ulonda, iye kulera ana ku Jumeirah Village Circle, anati tidzabwerere kumindako ngati alendo, tikakhale pampando, wina atitsanulire. Ulendowo, wa mu Febuluwale, anaukonza yekha pa foni yake kudzera ku ofesi ija. Anasankha minda inayi, koma mayina anandibisira. Ndikafunsa ankangoseka, amvekere ndikaonera komweko.

Anamwalira mu Okutobala.

Nditabwerako kumaliro ndinapita ku ofesiko kukapempha pepala la ulendowo, kuti ndikayende mmene iye anafunira. Mayi wa pakauntala anati atumiza nambala yachinsinsi ku foni ya amene analembetsa. Ndinamuuza kuti mkazi wanga anamwalira, ndipo foniyo inatsekedwa pamodzi ndi viza yake. Iye anati ndiye madamu abwere okha. Ndinabwereza kuti anamwalira. Anapepesa maso ali pa kompyuta, n'kunena kuti ndibwere ndi chikalata cha imfa chodindidwa.

Milungu itatu ndinayendera zidindo. Masiku anga opuma onse anathera pamizere. Ndiye Lachiwiri lija ndinachipereka. Mayi uja analowa nacho kwa bwana wake. Ndinadikira mphindi makumi anayi. Atatuluka anandiuza akumwetulira kuti zonse zatheka: akaunti ya malemu yatsekedwa, ulendo wafufutidwa, ndalama zibwezedwa.

Ndani anapempha ndalama?

Ndinati, "Chemwali, zimenezo zisiyeni. Mungondiuza mayina a minda inayi ija."

Anaitana bwanayo. Iye anati lamulo la kampani ndi loti akalandira chikalata cha imfa amafufuta zonse, poteteza zinsinsi za kasitomala. Kumuteteza kwa ndani? Kwa mwamuna amene anamuika m'manda? Analekeranji kundichenjeza tsiku loyamba lija? Kusindikiza tsamba limodzi asanafufute kukanawatengera mphindi zingati?

"Khalas, zatha basi, palibe chimene tingachite," anatero bwanayo. Kenako anandipatsa kabuku ka maulendo a anthu apabanja, akuti mwezi uno ndi otsika mtengo.

Ndinakakhala pa siteji, mabasi awiri n'kundidutsa ndikuyang'ana. Ku Kepi minda ya mphesa ndi yosawerengeka. Ndikhoza kupita, ndikhoza kulawa, koma sindidzadziwa ngati ndakhala pamene iye anandisankhira. Chinali chinthu chomaliza chimene Esinati anandikonzera, ndipo pepala lochifufutitsa ndinalivutikira ndekha, n'kulipereka ndi manja awiri.

Abale ndi alongo muli kuno, ambiri a ife zonse timasunga m'foni imodzi. Zikakugwerani, musapereke chikalata cha imfa ku ofesi iliyonse musanafunse kuti achita nacho chiyani. Ayambe akusindikizirani zonse, muzigwire m'manja.

Dzina la ofesiyo sinditchula. Mayi uja nayenso anasiya kwawo kudzagwira ntchito, ngati ine. Zinanditengera milungu iwiri ndikugwada m'pemphero. Ndawakhululukira onse awiri, mayiyo ndi bwana wake.