Anzeru a ku China Amene Sindinayenera Kuwatchula

Mundikhululukire kuti nanenso ndagwira cholembera. Sukulu yanga ndi yakumudzi ku Phalombe, ndipo nkhani za maiko akutali zili ndi eni ake. Koma iyi inagwera ine.

Nditakhoza bwino Fomu 4, amalume ananditenga kuti ndizikhala nawo ku Bangwe, komwe amasoka zovala pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. Ndi iwo anamva kuti bungwe lina likufuna achinyamata okaphunzira ku China mwaulere. Ndinalembera, ndipo anandiitana ku intavyu. Amalume sanabise: ndikalephera ndibwerera kumudzi, chifukwa m'nyumba munali modzaza kale.

"Ukakatamande kwawo," anatero akudula ulusi ndi mano. "Koma usakanene za misewu ndi mafoni. Zimenezo anena wina aliyense."

Ine ndinaganiza kuti dziko lililonse limanyadira anthu ake amene anamenyera ufulu. Kuno ndi mmene zilili. Amene anamangidwa nthawi ya chipani chimodzi timawatchula pawailesi mwaulemu. Choncho ndinkabwereka foni ya msuweni wanga n'kumawerenga za anzeru a ku China amene ankafuna kuti mphamvu za boma zikhale ndi malire.

Ndinawerenga za ophunzira akale amene anapempha mfumu yawo yaikulu kuti nayonso izimvera malamulo olembedwa. Ena anadulidwa mitu, ena anathawira kunja. Pambuyo pawo kunabwera aphunzitsi a ku yunivesite amene ankati munthu aziganiza yekha, asamangovomera chifukwa wanena ndi wamkulu. Pamenepo ndinabwerezabwereza, chifukwa ine ndinakula ndikungoti inde. Kenako kunali anthu omata madandaulo awo pakhoma mumzinda waukulu, ana asukulu amene anadzaza bwalo, ndi wolemba wina amene anamwalira ali mkaidi atapempha ufulu wolankhula. Anthu amenewa ndinawakonda. Ndinaloweza zonse ngati vesi la ku Sande sukulu, n'kumayeserera kuseri kwa bafa kuti anyumba zoyandikana asandiseke.

Tsiku la intavyu, mu ofesi munali abambo awiri a ku China ndi mayi mmodzi wakuno kwathu. Atandifunsa chimene ndikufunira dziko lawo, ndinaimirira, manja kumbuyo, n'kuyamba. Za mfumu zija ankagwedeza mitu. Nditafika pa nkhani ya khoma, mmodzi anaika cholembera pansi. Ndinayesa kuti zamukhudza mtima, ndiye ndinakweza mawu. Ndinafika mpaka pa wolemba uja, n'kumaliza ndi kunena kuti dziko lobala anthu otere ndi lodala.

Anandithokoza, osafunsanso kanthu. Mayi uja ananditsatira pakhonde.

"Iwe, zimenezi wakutuma ndani?"

"Palibe, mayi. Ndawerenga ndekha. Kodi ndanama penapake?"

"Sunaname. Koma anthu amenewo kwawo satchulidwa, ndipo abambo awa ali ndi mabanja kumeneko. Ukanangonena za misewu, mwanawe. Anzako onse anena za misewu."

Nditawafotokozera amalume, anaimitsa makina.

"Ine ndinati ukatamande, iwe wakafukula manda a eni ake? Mabuku akuwononga mutu."

Msuweni wanga anayamba kunditcha a Pulofesa a ku Beijing, ndipo dzinalo linafika mpaka kwa azimayi ogulitsa tomato. Ena ankati ndine wamwano, ena wolimba mtima. Onsewo sankandidziwa. Ndikanadziwa, ndikanatamanda misewu ndi milatho yomwe, nditagwada. Anzeru a ku China aja analankhula akudziwa chimene chiwagwere. Ine ndinkangofuna kusangalatsa akuluakulu, ndipo ndinalangidwa ngati kuti ndinali mmodzi wa iwo.

Anzanga anaimbiridwa mafoni. Ya msuweni wanga sinalire. Amalume anadikira tsiku la holide kuti asataye makasitomala, anandinyamulira chikwama mpaka ku depoti ya ku Limbe, n'kundikweza minibasi ya ku Phalombe. Panali pa 6 Julaye.