Mng'alu wa pa Mwala wa Amayi

Chimene ndimakumbukira poyamba ndi fumbi loyera pa nsidze za bambo. Ankatsika kuphiri atatuwiratu, maso ali psuu, malaya akununkha utsi ndi mwala wopsa. Chinali chisanu choyamba chimwalirireni amayi, ine ndili Sitandade 5. Kwathu kumunsi kwa Mphunzi chisanu sichisewera: milomo imang'aluka, madzi a m'chitsime amaluma zala, ndipo mphepo imakupeza ngakhale utabisala kuseri kwa nkhokwe. Chaka chimenecho magalimoto a zipani ankadutsa akugawa nsalu, anzanga n'kumawathamangira akukweza zala. Ine ndinalibe nazo ntchito. Ndinali ndi nkhani yanga imene inkandidya mumtima.

Bambo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Lobi, ndipo kwathu anabwera chifukwa cha amayi. Mwambo wake aliyense ankaudziwa, ngakhale ife ana: mkazi akamwalira, eni mbumba amamsudzula mwamunayo, iye n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala. Atsibweni anga, alongo awo a amayi, sanali munthu woipa, kungoti zinthu ankazifuna mundondomeko yake ngati mizere ya m'munda mwawo. Bambo anawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti asachoke asanaike mwala pa manda a mkazi wawo. Atsibweni anavomera, ndipo anagwirizana kuti zidzachitika mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe. Ndinamva zonsezi ndikupeta nyemba pakhonde. Ndinawerengera ndekha kuti tsiku limene mwalawo udzathe ndi limenenso bambo adzanyamule bulangete lawo.

Anthu ena ankamanga ziliza za simenti, koma bambo ankaiseka simenti, ati ndi phala louma. Iwo anali woswa miyala kuyambira unyamata wawo, ndipo maziko a nyumba zambiri m'dera lathu anadutsa m'manja mwawo. Mwala wa kuphiri kwathu ndi wouma mutu. Tchizulo yogula kusitolo inkabuntha dzuwa lisanafike pamutu, choncho zawo ankasula okha kuchokera ku zitsulo za malole akutha. Ankaziwotcha pa makala, n'kuziviika m'madzi akuyang'anitsitsa mtundu wa nsonga yake. Akaviika msanga, chitsulo chinkathyoka; akachedwa, chinkafewa. Kuti achotse chibenthu chachikulu pa thanthwe, ankasonkha moto pamwamba pake kuyambira m'mawa, kenako n'kuthira madzi ozizira motsata mzere umene akufuna. Kenako ankaboola timaenje, n'kukhomamo zikhomo zachitsulo, kumenya chilichonse pang'onopang'ono, khutu lili pafupi ndi mwala. Ndikatopa ndi kudikira ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ntchito yanga inali yotunga madzi ndi kusefa mchenga wokwechera nkhope ya mwalawo kuti isalale. Popeza bambo sankadziwa kulemba, ndine ndinalemba dzina la amayi ndi khala, iwo n'kumatsata zilembo zanga ndi tchizulo yaing'ono. Chilembo chimodzi chinkawatengera tsiku lathunthu. Popuma tinkakazinga chimanga pa phale, ine n'kumasewera phada ndi tizibenthu takugwa. Sindinakhalepo pafupi ndi bambo ngati m'miyezi imeneyo, ndipo chilembo chilichonse chikatha ndinkadana nacho. Anandichenjeza kangapo kuti ndisayatse moto pafupi ndi mwala womalizidwa, ndipo madzi asaukhudze ukatentha. Sanadziwe kuti akundiphunzitsa njira.

Kumayambiriro kwa Seputembala mwalawo unatha, utatsala kuunyamula basi. Loweruka lina bambo anapita ku Lobi kukauza abale awo za tsikulo. Ine ndinatenga dengu la zitsononkho, mapesi ndi nkhuni za m'khitchini, n'kukwera phiri dzuwa likuswa mtengo. Ndinasonkha moto pakati penipeni pa mwalawo, pamwamba pa dzina limene ndinalemba ndekha. Ndinausonkhezera mpaka nkhuni zonse zinatha, ndiye ndinakhuthulirapo ndowa yonse ya madzi ozizira. Nthunzi inandiphimba kumaso, ndipo mwala unalira kamodzi kokha, mawu ochepa ngati mbale yadothi ikagwa. Mng'alu unadutsa kuchokera pamwamba mpaka pansi, kulekanitsa dzina la amayi pakati. M'maganizo mwanga ndinali nditagula chaka china chathunthu, poti kusema wina kukanafuna chilimwe china. Komabe nditatsika phirilo sindinadye.

Lolemba tinakwera limodzi. Bambo anaima nthawi yaitali. Anagwada, anapaka chala pa mwaye, anatola kachitsononkho kosapsa bwino, n'kukaponya m'tchire. Sanandiyang'ane. Madzulo ake anapita kwa atsibweni n'kuwauza kuti dzanja lawo linaphonya, mwala wasweka. Atsibweni anapukusa mutu nati uthenga wapita kale kwa abale a ku Boma ndi a kutsidya ku Mozambiki, chimera chaviikidwa, tsiku silingasinthe. Mudzi wonse unamva kuti katswiri uja wathyola mwala wa mkazi wake yemwe. Ena ankati nzeru zapita ndi maliro, ena ankati akanangogula simenti ngati anzawo. Bambo anameza zonsezo ngati kuti ndi zoona.

M'masabata otsalawo anagwira ntchito yoposa ya miyezi itatu ija. Anaboola maenje m'mbali mwa zidutswa ziwirizo, kuzungulitsa tchizulo pang'ono pa kumenya kulikonse, kuti alowetsemo zitsulo zolumikiza. Chifuwa chimene fumbi la miyala linawapatsa kalekale chinakula, moti ankatsamira thanthwe kuti apume. Mwalawo unaikidwa pa tsiku lake, ansembe anawaza madzi, anthu anadya. Sindinawonjeze ngakhale tsiku limodzi.

M'mawa wotsatira, bulangete lili kale pa njinga, bambo anandiitana kuti ndiwaperekeze kumanda. Anatenga dzanja langa n'kuliyendetsa pa mng'alu uja kuchokera pamwamba mpaka pansi. “Mwanawe,” anatero, “ndikanakhala ine, ndikanasonkha moto waukulu kuposa uja.” Ndinawaona akukankha njinga kukwera chitunda, akuima kawirikawiri kuti atsokomole.

Ndinawaonanso katatu kokha. Anamwalira ine ndisanalowe sekondale, ndipo kwawoko kunalibe wodziwa kusema mwala. Manda awo ndi mulu wa dothi ndi mtanda wathabwa umene chiswe chinadya kale. Masiku ano ku Boma kuli makina odula miyala, mpeni wozungulira ukulira, madzi akutsikira, ndipo ntchito ya chilimwe chonse imatha munthu asanamalize kumwa tiyi. Ndinapitako kamodzi kuti ndiwagulire bambo mwala, koma ndinabwerako chimanjamanja. Mwala wosalala chotero sakanaudziwa ngati mwala. Atsibweni anapita osadziwa zoona zake, ndipo alipobe okalamba amene amati bambo anaphonya. Ndikapita kukalambula manda a amayi, ndimazula udzu umene umamera mumng'alumo. Zitsulo zimene analowetsa zija zikugwirabe mpaka lero.