Buleki ya Chikepe ya a Namakhwa

A Namakhwa, mkulu wa mpingo wathu ku Matawale, ankakonza zikepe zamumgodi ku Joni ali mnyamata. Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, ananditengera pambali n'kunditambasulira chipepala chojambulidwa ndi pensulo.

"Iyi ndi buleki ya chikepe, yoyendera maginito a magetsi," anatero. "Magetsi akathima, imagwira pang'onopang'ono, osagwetsa anthu. Inu munaphunzira zamalamulo. Kodi boma lingandilembere kuti nzeru imeneyi ndi yanga?"

Zamalamulo ndinaphunziradi, koma za umwini wa nzeru zotere sindinkadziwa kanthu. Chipepalacho ndinachigwira chozondoka mpaka eni ake anachitembenuza mwaulemu. Manyazi anandigwira. M'malo movomera kuti sindikudziwa, ndinakonza tayi n'kunena kuti, "Bambo, zoterezi azungu anapanga kalekale. Boma limalemba zatsopano zokha."

Mwina anapangadi. Ine sindinafufuze, ngakhale tsiku limodzi.

A Namakhwa anapinda chipepala chawo kanayi. "Zikomo, mwandipeputsa. Ndikanangovutika ulendo wa ku Blantyre," anatero, n'kundipatsa moni ndi manja awiri. Za buleki sanadzazitchulenso.

Chaka chatha tinawaika m'manda. Pobwerera, mwana wawo wamkazi anandiimitsa panjira.

"Bambo ankakutamani kwambiri," anatero. "Chipepala chija anavutika nacho zaka zambiri, anthu akuwaseka. Ankati inu nokha ndi amene munachiwerenga bwinobwino n'kuwauza zoona."

Ndinavomera ndi mutu. Limenelo linali bodza langa lachiwiri.